Musanakwere galimoto ya kafukufuku yopita ku Kasungu

Ana anga, inu amene mwangovula kumene mkanjo ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu mutaphunzira za mbiri, za chikhalidwe cha anthu, za ndale, za chuma kapena za ziyankhulo, ntchito yoyamba imene ambiri mwa inu mudzaipeze ndi yonyamula mafunso a munthu wina. Adzakusonkhanitsani sabata imodzi ku Mponela, adzakupatsani tabuleti ndi chikwama cha bungwe, kenako galimoto idzakutsitsani pa Chatoloma kapena pa Santhe ndi lamulo loti dzuwa lisanalowe mukhale mutayenda makomo akutiakuti. Ntchitoyo musaikane. Mwini nyumba salandira digiri m'malo mwa lendi, ndipo ambiri a ife tinaphunzirira momwemo kulonjera kwa amfumu ndi kukhala pamphasa osanyinyirika.

Koma muzidziwa malo anu pa ntchito yoteroyo. Mafunso analemba ndi wina, ndalama ndi za wina, mayankho akachoka m'manja mwanu amakagona m'kompyuta ku London kapena ku Washington, ndipo buku likatuluka dzina lanu, ngati lilimo n'komwe, limakhala m'kandime kothokoza pamodzi ndi la dalaivala. Mwana wa ku Kasungu sangavutike kuzindikira kachitidwe kameneka: munda wa wina, mbewu ya wina, thukuta lako, belo n'kupita ku okushoni pa nambala ya mwini esiteti. Sindikuti mavuto anu afanana ndi a tenanti ayi. Iye amagona m'kachisakasa ka udzu, inu mumagona pa loji. Ndikungoti munthu akhoza kukalamba pa ntchito ya kafukufuku osafunsapo funso lakelake ngakhale limodzi, ndipo oterowo alipo ambiri, ena ali ndi maudindo akuluakulu.

Vutoli silinayambe ndi inu. Centre for Social Research ya ku Zomba inakhazikitsidwa mu 1979 ndi thandizo la UNICEF, ndipo ntchito yake yoyambirira inali kuunika mapulojekiti. Kuyambira kale ndalama zambiri zofufuzira moyo wa Amalawi zimachokera kunja, ndipo woperekayo amabwera ndi mutu wake: dzana unali Edzi, dzulo kusintha kwa nyengo, mawa china. A Mahmood Mamdani, pamene ankatsogolera kafukufuku ku Makerere, ankadandaula kuti maganyu a mabungwe opereka ndalama amazoloweretsa ophunzira kuyankha zofuna za wolipira mpaka kuiwala kuti ntchito yaikulu ya wofufuza ndi kupeza funso loyenera. Mmalawi mnzathu, malemu a Thandika Mkandawire, amene boma la Kamuzu linawatsekera kunja kwa zaka pafupifupi 30, anatsogolera bungwe la CODESRIA ku Dakar kuchokera mu 1986 mpaka 1996 akumenya nkhondo yomweyo, yoti ophunzira a mu Africa azisankha okha zoti afufuze.

Ku Kasungu mafunso ali mbwee, koma samaonekera munthu wosadziwa mmene dothi limene wapondalo linafikira m'manja mwa amene ali nalo lero. Atsamunda anakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926 kuti iziyang'anira fodya wa alimi akuda, ndipo a John McCracken, amene anaphunzitsapo mbiri ku Chancellor College, analemba za mmene bungwelo linkamangira mlimi wa m'chigawo chapakati. Titalandira ufulu, lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wa pamudzi kulima fodya wa burley ndi wa flue-cured. Mitundu yandalamayi inali ya maesiteti okha, omwe ankaloledwa kukagulitsa ku okushoni, pamene wa pamudzi ankatula chikopa chake ku ADMARC pa mtengo wonena boma. Mu 1982 a Jonathan Kydd ndi a Robert Christiansen anaonetsa ndi manambala kuti phindu limene ADMARC inkapeza pa alimi ang'onoang'ono linkathiridwa m'maesiteti, kuphatikizapo a kampani ya Press ya Kamuzu mwini. Minda ikuluikulu ya General Farming ndi Press Farming inafutukuka m'zaka zimenezo. Aliyense amene anali ndi mpata anathamangira kukatenga lizi pa malo a makolo kuti apeze laisensi, mwakuti pofika 1989 maesiteti m'dziko muno anali ataposa 14,000, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono. Chitseko chinayamba kutsegukira alimi a m'midzi mu 1990. Wosadziwa mbiri imeneyi akapeza mkangano wa malo kwa Chulu kapena kwa Kaomba amangolemba kuti anthu achulukana, n'kutseka kope.

Magalimoto a kafukufuku amakonda chilimwe, misewu itauma. Nthawi imeneyo msika wa Chinkhoma unatsegulidwa kale, ena ali ndi kangachepe m'thumba, malata atsopano akung'anima, m'nkhokwe muli kanthu. A Robert Chambers anachenjeza mu 1983 kuti wofufuza woyenda m'chilimwe mokha, m'mbali mwa msewu wa tala, saona umphawi weniweni. Inu pitani mu Febuluwale.

Fikani m'munda mame asanakamuke, muone banja lonse lili m'mizere kuthyola fodya, masamba onyowa atawapanira m'khwapa, manja ali bii ndi phula losachoka ndi madzi okha. Pofika masana mwana wayamba chizungulire ndi mseru, makolo n'kumati mwina ndi malungo, chonsecho ndi chikonga cholowera pakhungu. Lipoti la bungwe la Plan la mu 2009, limene linamva kwa ana eni ake ogwira ntchito m'minda ya fodya, linati mwana akhoza kulowetsa m'thupi mwake chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku limodzi lachinyezi. Madzulo khalani nawo m'chigafa pamene akusoka masamba ndi kupachika mikangala, phoso litatha mwezi usanathe, ndiwo zili nkhwani wopanda ndi mchere womwe. Pamenepo ndi pamene anthu amayankhula, manja ali pa ntchito, maso osayang'anizana ndi inu. Njala ya 2002, imene boma linaivomereza mochedwa kumapeto kwa Febuluwale chaka chimenecho, inapha anthu ku Kasungu m'miyezi yomweyi. Ndipo ife ophunzira tiyenera kuchita manyazi kuti nkhani imene dziko lapansi limaidziwa ya mmene njalayo inalowera m'nyumba za kwa Wimbe inafotokozedwa ndi William Kamkwamba, mnyamata amene anasiyira sukulu pa fomu 1 posowa fizi. Iye anali pomwepo.

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati ndalama zanu n'zochepa, ndipo zidzakhaladi zochepa, musamwaze maboma asanu. Sankhani mudzi umodzi kapena esiteti imodzi, muutsate fodyayo kuchokera pa nazale mu Sepitembala, kuokera mvula ikagwa, kuthena, kuthyola, kusankha, kudinda pa jeke, mpaka tsiku lowerengerana ndalama. Mudzadziwa zambiri kuposa amene anayenda dziko lonse m'masabata atatu.

Mukafika pa esiteti, mwini wake kapena kapitawo adzakulandirani bwino, adzakupatsani mpando, n'kukuitanirani yekha matenanti atatu. Iye adzaima chapatali pang'ono ngati akuyang'ana mbuzi, khutu lili kwa inu. Tenantiyo mwina anabwera pa lole kuchokera ku Phalombe, ku Mulanje kapena ku Machinga. Alibe ndalama yobwererera kwawo, ndipo malipiro ake onse a chaka ali m'manja mwa munthu waima apoyo. Mukamufunsa ngati chakudya chimakwana, adzati eya. Ngati ana amapita kusukulu, eya. Ngati anagwirizana mtengo asanayambe kulima, eya. Inu n'kudina eya katatu, n'kutsanzika. Bamboyo sanakunyozeni. Wawerengera kuti inu madzulo mukhala muli ku Kasungu boma, iye atsala pompo.

Mantha amenewa anakula m'zaka zaposachedwapa. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa doko chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza. Mu Disembala 2020 matenanti zikwizikwi ndi ana awo, kudzera mwa maloya a Leigh Day, anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial ku khoti lalikulu ku London, ndipo makampaniwo anakana milanduyo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti. Ndiye lero mukafunsa za matenanti musadabwe kumva kuti pano palibe tenanti, awa ndi achibale odzathandiza, awo ndi antchito a pamwezi. Nali funso lokwanira digiri yathunthu, loti palibe chifukwa chodikira mlendo kuti adzatifunsire: lamulo lija linasintha chiyani m'chigafa? Amene ankatchedwa tenanti tsopano amalipidwa liti, motani, ndipo ngongole ya phoso inapita kuti?

Pofunsa zoterezi muzikumbukira kuti mukhoza kumuchotsetsa munthu ntchito pakati pa dzinja. Chilolezo cha komiti ya ku National Commission for Science and Technology kapena ya ku yunivesite kwanu tengani, kalata ya kwa DC tengani, kwa amfumu kalonjereni. Koma zidindo zimenezo zimateteza inu, osati iye. Kusintha dzina kokha sikukwanira. Mukalemba kuti mayi wa ana asanu wochokera ku Phalombe, wa pa esiteti ina kufupi ndi Chamama, wanena zakutizakuti, ku Lilongwe palibe amudziwe, koma kapitawo amudziwa asanamalize chiganizo. Musajambule nkhope za ana n'kuziponya pa Facebook kuti anzanu aone kuti muli pa ntchito. Ndipo munthu akakana kudinda chala pa pepala lanu, musamutenge ngati mbuli. Anthu a kuno anataya minda chifukwa cha mapepala amene sanawawerenge.

Pepala lofunika kwambiri pa esiteti si lanu. Ndi kabuku ka ngongole. Pemphani mwaulemu kuti mukaone, ndipo akakulolani musathamange nako. Mudzapezamo tini ya chimanga mwezi ndi mwezi, mchere, sopo, khasu, matumba a feteleza, ndalama ya kuchipatala tsiku limene mwana anadwala, mwina ndi mtengo wa lole imene inawabweretsa. Onani kuti chimangacho chinalembedwa pa mtengo wanji, wa nthawi yokolola kapena wa mu Januwale. Onani amene anayeza fodya, pa sikelo ya yani, ndi amene ananena giredi. Pamapeto pali kuchotsera, ndipo chotsalacho ndiwo malipiro a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi a chaka chonse. Nthawi zina chotsalacho chimakhala ngongole, banja n'kukhalanso chaka china. Kenako phunzirani kuwerenga pepala la malonda lochokera ku okushoni: kulemera kwa belo, giredi, mtengo pa kilogalamu m'madola, ndi mndandanda wa zodulidwa, za msika, za Tobacco Commission, za ARET, za ziguduli, za mayendedwe, za msonkho, za ngongole ya zipangizo. Wophunzira za chikhalidwe cha anthu amene amathawa masamu sadzaumvetsa fodya. Wa zachuma amene amangokhulupirira nambala osafunsa amene anagwira cholembera nayenso sadzaumvetsa.

Mapepala awiriwa akaikidwa pamodzi adzakuletsani kulemba nthano ya mngelo ndi satana. Mwini esiteti ya mahekitala khumi kapena makumi awiri nthawi zambiri si mwinichuma. Kuyambira 2012 fodya wambiri amagulitsidwa pa kontirakiti, ndipo iyenso ali ndi ngongole ku kampani, mabelo ake akhoza kubwezedwa, ndalama yake ikhoza kuchedwa. Zimenezi sizimuyeretsa akabera tenanti pa sikelo, koma zimakuonetsani komwe chingwe chikuchokera. Mumvereni nayenso. A Martin Prowse, amene anakhala m'midzi ya ku Kasungu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, analemba za mmene abambo ena amamwazira ndalama za fodya m'matauni msika ukatha. M'malo mongowadzudzula, anafufuza chimene kukhala bwana, ngakhale kwa masabata ochepa, kumatanthauza kwa munthu amene anakula akuona mabwana a maesiteti. Funso lotero silituluka m'tabuleti.

Tabuleti imafunsa kuti mutu wa banja ndani, n'kusiya malo a dzina limodzi. Pamudzi wa Achewa pali bambo wa ana, pali malume mwini mbumba, pali ukwati wa chikamwini ndi wa chitengwa, ndipo yankho la funso loti munda ndi wa yani limasintha malinga ndi amene wamwalira. A Kings Phiri analemba mu 1983 za mmene banja la Achewa lasinthira kuyambira zaka za m'ma 1800, ndipo amene akufufuza za kalembera wa malo pansi pa malamulo a 2016 asanawerenge zimenezo akungotaya mafuta a galimoto. Kumpoto kwa bomali, kwa Kaluluma, kwa Simlemba ndi ku Nkhamenya, mudzamva Chitumbuka, ndipo m'mizere ya matenanti mudzamva Chiyao ndi mayankhulidwe a kum'mwera. Musamayese kuti poti ndinu Mmalawi ndiye kuti mwamva zonse. Mwana wa ku Area 47 ndi mlendo kwa Simlemba, kungoti iye sadziwa kuti ndi mlendo.

Za kuphika manambala ndinena mwachidule, poti mukuzidziwa. A Crystal Biruk analemba buku lonse mu 2018, Cooking Data, lonena za ofunsa mafunso m'midzi ya ku Malawi, za sopo amene ankapatsa oyankha, ndi za kutopa kwa anthu ofunsidwa chaka ndi chaka osaona chosintha. Dzuwa likaswa mtengo, khomo lomaliza lili kutsidya kwa dambo, mtima udzakuuzani kuti mukhale pansi pa mango mudzaze nokha. Nambala imeneyo idzalowa mu lipoti, lipoti lidzalowa mu ndondomeko ya boma, ndipo palibe adzaitulutsemo. Lembani kuti simunafike. Dziwaninso kuti oyankha nawo anaphunzira kuphika. Akaona galimoto amaganiza za makuponi ndi Mtukula Pakhomo, mbuzi n'kuchepa, ana amasiye n'kuchuluka. Nenani poyera musanayambe kuti simunabweretse kanthu ndipo simukulemba maina a thandizo. Ena adzanyamuka. Otsalawo ndiwo anu.

Inu a mbiri, a zolembalemba ndi a ziyankhulo, musadzione ngati ana opeza chifukwa mabungwe sakufunani kwenikweni. A Megan Vaughan, pofufuza njala ya 1949 m'boma la Blantyre, anapeza m'nyimbo za amayi za pamtondo zimene malipoti a atsamunda sanalembe: amuna amene anapita kukasaka chakudya osabwerako, maukwati amene anatha. Ndani watolera nyimbo za m'zigafa, za chimtali ndi mganda, zonena za fodya, za kapitawo, za ulendo wa ku Chinkhoma? Amene anagwira ntchito m'minda ya General Farming ndi ya Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, amene anasamutsidwa kuti minda ifutukuke, amayi amene ankavina Kamuzu akabwera ku Nguru ya Nawambe, onsewa akalamba ndipo akutha. Foni imene muli nayo m'thumba ndi yokwanira kujambula mawu awo. A Kings Phiri anatengera udokotala wawo ku Wisconsin mu 1975 pa mbiri ya Achewa yomangidwa pa zonena za akuluakulu a m'midzi. A Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma wopanda digiri, anatisiyira Mbiri ya Achewa m'chinenero chathu. Zimene mwamva kumudzi kaziyerekezeni ndi mafailo a ku National Archives ku Zomba, muone mmene azungu analembera za kugonjetsedwa kwa Mwase Kasungu mu 1895 ndi mmene eni ake amakufotokozera. Pitaninso mu laibulale ya ku Chancellor mukafunse timapepala ta kafukufuku timene ophunzira a mbiri akhala akulemba kuyambira zaka za m'ma 1960. Anyamata ndi atsikana ngati inu, opanda galimoto, ankapita kwawo patchuthi kukafunsa agogo awo, ndipo akatswiri akunja akhala akudalira timapepala timeneto. Za gule wamkulu, lembani zimene eni dambwe akulolani kulemba. Zina si zanu.

Pa nthawi ya Kamuzu palibe akanayerekeza kuima pa Mtunthama n'kufunsa mmene malo a Press anapezekera. A Jack Mapanje anatengedwa mu Sepitembala 1987 ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ngakhale m'nthawi ya matipate, mu Febuluwale 2011, a Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo aphunzitsi anzawo, motsogozedwa ndi a Jessie Kabwila, ananyanyala kwa miyezi yambiri. Ufulu wofunsa umene muli nawowu ena anaulipirira. Chimene chimatseka pakamwa ophunzira ambiri lero si ndende, koma kuopa kuti wolipira sadzawaitananso, kapena kuti chipani sichidzawakumbukira pogawa mipando. Wokupatsani ganyu akadzapempha kuti mufewetse zimene mwapeza, mukhoza kusintha mawu, koma nambala ndi zimene anthu ananena zisiyeni mmene zilili.

Musanasaine kontirakiti funsani ngati dzina lanu lidzakhale pa zolembedwazo, ndiponso ngati mudzaloledwe kugwiritsa ntchito zotoleredwazo pa maphunziro anu. Funsani pachiyambi, poti pamapeto aliyense amakhala atakwera ndege. Khalani ndi kope lanulanu lolembamo madzulo zimene mwaona ndi kumva kunja kwa mafunso a abwana, osaba zawo, osaphwanya lonjezo limene munapereka kwa oyankha. Pa alawansi iliyonse patulani kangachepe ka ulendo wanu. Manambala a kalembera wa 2018 ndi a kafukufuku wa m'makomo wa National Statistical Office alipo, ndipo ambiri sawagwiritsa ntchito. Magazini a pa intaneti amene amakutumizirani uthenga wokutamandani n'kupempha madola kuti asindikize nkhani yanu m'masiku atatu, athaweni. Ndi bwino kudikira chaka nkhani yanu ikuunikidwa ndi anthu okhwima.

Anthu a ku Kasungu, oposa 800,000 pa kalembera wa 2018, afunsidwa mokwanira za mbuzi zawo, zimbudzi zawo, ana awo ndi zam'chipinda zawo, ndipo ochepa okha anamvapo chimene chinatuluka. Mukamaliza kulemba m'Chingerezi cha oyesa mayeso, lembaninso masamba awiri kapena atatu m'Chichewa, ndi m'Chitumbuka ngati munali kwa Kaluluma. Kawerengeni pa bwalo la amfumu, pa msonkhano wa komiti ya chitukuko, pa kalabu ya alimi, kapena pa wayilesi ya m'deralo, mosamala kuti wina asadziwike. Adzakutsutsani pena, ndipo pena adzakhala akulondola. Pokonza bajeti ya kafukufuku wanu, ngakhale ikhale yochepa bwanji, ikanimo mtengo wa basi yobwererera ku Kasungu.